Mphira Kuseri kwa Dashibodi

Sabata yonse mtima wa Yotamu sunali m'malo. Pikapu imene anamusiyira atsibweni ake, malemu a Bizaliele Ngozo, inakhala pa njerwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo iye anaidzutsa pang'onopang'ono pabwalo la nyumba yake ku Dedza. Anayamba ndi injini, kenako mabuleki, n'kumalizira utoto wobiriwira. Loweruka inayenera kunyamula mayi ake, alongo ake awiri ndi matumba a simenti kupita kumudzi ku Golomoti, kukamanga chiliza cha atsibweniwo. Abale onse anali atauzidwa kale.

Lachinayi m'mawa, pobwezeretsa dashibodi, anapeza kuti chitsulo chimene chimaigwira kuseri chadyeka ndi dzimbiri mpaka kuthyoka pakati. Mabawuti awiri anali atadukira m'mabowo. A Mpinganjira, owotcherera zitsulo, anamuuza kuti sangabwere lisanafike Lolemba chifukwa anali ndi mageti a eni ake oti amalize. Pamenepo Yotamu anachita zimene munthu amachita katundu akamagwedera panjinga. Anadula mphira ya chubu chakale, anakulunga chitsulocho kasanu, n'kulimbitsa ndi waya. Atavundikira, palibe chimene chinkaoneka.

Dzuwa lili paliwombo anakhala pampando wa dalaivala kuti apumuleko, ndipo tulo tinamuba.

Analota akutsika mtsetse wa Khwekhwerere. Injini sinkamveka. Ankangomva mphepo, ndi mawu a mayi ake kumbuyo akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. M'galimoto munadzaza fungo la girizi ndi fodya wopota. Atacheukira kumanzere anaona atsibweni ake atakhala phee, atavala ovolosi yawo yong'ambika pachigongono, maso ali pamsewu. Pakona yoyamba chiwongolero chinafewa m'manja mwake ngati khosi la nkhuku yozinga. Ankapotokola, koma galimoto inkangolunjika kuphompho, mosathamanga.

Atsibweniwo anapisa dzanja kunsi kwa dashibodi n'kuyamba kusolola mphira ija. Inkangotuluka, osatha, mpaka inaunjikana pamiyendo pawo.

"Mphwanga," anatero osamuyang'ana, "chiwongolero chagona pa chitsulo chomwechi. Sunaone?"

Yotamu anafuna kufotokoza za Loweruka, za simenti ndi za abale odikira, koma atsibweniwo anapitiriza.

"Ndagona zaka zisanu ndi ziwiri popanda simenti, ndipo sindinadandaule. Mlongo wanga usandibweretsere msanga."

Anadzidzimuka malaya atanyowa ndi thukuta. Pabwalo nkhuku zinali kupalasa ngati kale. Anamasulanso dashibodi, anagona chagada mutu uli pafupi ndi mapedulo, n'kulondola chitsulocho ndi chala. Zinali zoona. Mtengo wa chiwongolero unapachikidwa pomwepo, ndipo atachigwedeza ndi mphamvu, waya uja anatamuka, mphira n'kutsetsereka.

Anawaimbira foni mayi ake. Iwo sanakondwe. Anamukumbutsa kuti chimanga chagayitsidwa, thobwa laphikidwa kale, mmisiri wauzidwa, ndipo kumudzi adzanena kuti ana a m'tauni amalonjeza ndi pakamwa pokha. Anamufunsanso ngati sangayende pang'onopang'ono, poti Golomoti si kutali. Yotamu anawasiya amalize, kenako anawafotokozera malotowo monga momwe anawaonera, osawonjezera kanthu.



"Achimwene anali okwiya?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, amayi. Amangoyang'ana msewu."

"Ndiye mvera. Thobwalo amwa a neba. Kumudziko ndilankhula nawo ndekha."

Lolemba a Mpinganjira anafika ndi makina awo pa wilibala. Ataona mphira ija anaseka, n'kufunsa ngati Yotamu ankayesa kuti akumanga thumba la makala. Anachotsa batire, anaboola mabawuti odukawo, anadula chitsulo chatsopano chochindikala n'kuchiwotcherera mbali zonse ziwiri. Chitazizira, Yotamu anamanga mabawuti atsopano mmodzimmodzi, kenako anatsamira chiwongolero ndi thupi lake lonse. Sichinasunthe.

Ananyamuka Loweruka linalo, simenti ndi alongo ake kumbuyo, mayi ake kutsogolo. Atafika pa Khwekhwerere anaika giya yachiwiri n'kuyamba kutsika, kona ndi kona. Pofika pakati pa mtsetse anafuna kuwalozera mayiwo chigwa cha kwawo, koma anapeza atagona tulo, mutu atautsamiritsa pawindo.