Tsiku Limene Ndinasesa Chilumba cha Namiyala

1.
Maola atatu m'boti la injini. Ine Edina, wolemba mawu otsatsa malonda. Pambali panga bwana Kachere, mwini kampani yobweretsa alendo odzaona malo, kamera ili lende pachifuwa.
Lemba, anatero bwana tisanafike n'komwe. Chilumba cha Namiyala. Mchenga woyera mbee. Kulibe msewu, kulibe magetsi, kulibe munthu.
Ndinalemba.

2.
Kulibe munthu. Koma pagombe panali:
thandala loyanikapo usipa
bwato lomatidwa phula m'ming'alu
zitenje ziwiri pachingwe
nkhuku ndi anapiye ake
mitumbira isanu pansi pa mlambe
mayi wina wampango wofiira, akutembenuza usipa.

3.
Bwana anagwira m'chiuno. Zinyalala izi zikundiwonongera chithunzi. Edina, kawauze.
Ndinapita. Muli bwanji, mayi.
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Tili bwino, kaya inu alendo.
Bwana akuti musunthe thandalali. Pang'ono chabe.
Pang'ono chabe, anatero mayiwo, osadzuka.

4.
Mpaka lero ndimadzidzudzula: ndiye iwe Edina iwe, ndi sukulu yako yonseyo, unakoka wekha thandala lija usipa ukukhuthukira mumchenga, unakwinya zitenje za eni n'kuziponya patchire, unapirikitsa nkhuku, unathyola nthambi n'kuyamba kusesa mapazi a anthu pagombe, mapazi aakulu ndi aang'ono, ukuyenda chambuyo kuti ako omwe asatsale, dzuwa likuswa mtengo, thukuta likulowa m'maso, bwana akukuwa uko, uko, kwatsala phazi uko, ndipo iwe osafunsa n'kamodzi komwe kuti phazilo ndi la yani unangowerama n'kusesa

5.
Manda.
Amenewo asiye, anatero bwana akuseka. Tikawafufuta pakompyuta.
Mayi aja anaimirira tsopano. Muli anthu m'menemo, bambo. Ali ndi mayina.
Bwana sanacheuke. Anajambula.

6.
Patatha mwezi chithunzi chinakwera pachikwangwani chachikulu mumzinda. Mchenga, madzi, mlambe. Pansi pake mawu anga: kulibe munthu.
Anthu ofuna kumanga hotela ayamba kale kuimba foni. Bwana amawayankha kuti palibe munthu woti asamutsidwe, kaoneni nokha pachithunzi.
Ine ndimadutsa pachikwangwanipo m'mawa uliwonse, maso pansi.

7.
Ine ndine Nachanza, wa mpango wofiira uja.
Usipa wa sabata yathunthu unadzaza mchenga, tinadyetsa nkhuku. Zimenezo ndapirira. Bambo wakamera uja sindimudziwa, ndipo galu wachilendo akauwa pakhomo sindigona nazo njala. Koma wosesa uja ndinamubala ine, m'nyumba yaudzu kuseri kwa thanthwe, mvula ikudontha pamphasa. Ndinkamuwolotsa ndekha pabwato kupita naye kusukulu, chaka ndi chaka. Pamitumbira ija, wachiwiri ndi wa bambo ake.
Akuti muli bwanji, mayi. Ngati wakumana nane pamsika!
Dzulo woyendetsa boti wabwera ndi phukusi la shuga ndi uthenga zochokera kwa Edina. Akuti pepani amayi, inali ntchito.
Ndamuuza abwerere nazo zonse ziwiri. Pepani ameneyo adzamunenere pano, masana, bwana wakeyo ataima pambali, ndipo amuuze kuti ine ndine ndani wake.