Msana wa Amake Misozi

Vidiyo ya nyimbo ija inali ya mphindi zinayi, koma a Siame anaiimitsa pa mphindi yachiwiri n'kuisiya chomwecho pakhoma kuti kalasi yonse ione bwino. Kutsogolo kunali mtsikana woyera bwino, tsitsi lofika m'chiuno, atasenza dishi ya nsomba, akumwetulira mnyamata woimba amene anaima m'bwato. Kumbuyo kwawo, padoko la Chanyanya pamtsinje wa Kafue, kunali amayi asanu atafulatira kamera. Nkhope panalibe, misana yokhayokha.

"Taonani apa," anatero a Siame, akuloza ndi cholembera msana wachitatu kuchokera kumanzere. Iwowa anali mphunzitsi wa zofalitsa nkhani pa koleji ina ya ku Lusaka, munthu wa Chingerezi chonona ndi jekete ngakhale mu Okutobala. "Uyu ndiye mayi wopanda mawu. Kamera yamupeza, wachita manyazi, wabisa nkhope. Akadzaonera vidiyo yomweyi pa foni, adzasirira tsitsi la mtsikanayu, mawa lake n'kuyamba kufunsa mafuta oyeretsa khungu."

Misozi Zulu, amene anakhala mzere wachiwiri, msana umenewo ankaudziwa. Anaugonera zaka ziwiri ali khanda. Anali amayi ake, a Dainess, amene amapikula nsomba ku Chanyanya m'mawa uliwonse n'kukagulitsa pamsika wa Kafue. Misozi sanakweze dzanja tsiku limenelo. Anakwera minibasi yobwerera ku Kafue mtima ukumuwawa, atadzinyansa yekha chifukwa chokhala chete.

Chiphunzitso chimene a Siame ankachikonda kuposa nshima yamasana chinali cha jakisoni. Chimati vidiyo imabaya uthenga m'mutu mwa woonera monga namwino abayira mankhwala, ndipo woonerayo alibe chochita koma kulandira. M'buku lomwelo, masamba angapo kutsogolo, munali chiphunzitso china chonena kuti woonera ali ndi mutu wake: atha kulandira uthenga, kutengapo zimene akufuna, kapena kuukaniratu. A Siame ankachiphunzitsanso chimenechi, tisawanamizire, koma ankati chimagwira kwa anthu opita kusukulu. Kwa amayi apamsika, jakisoni basi.

Misozi anali m'chaka chomaliza. Chinangotsala ndi pepala lalikulu la kafukufuku, ndipo amene pepala lake lakanidwa savala gauni pamodzi ndi anzake, amabwereza chaka. Atafunsidwa mutu wa pepala lake, anati adzaonetsa vidiyo yomwe ija kwa amayi ogulitsa nsomba pamsika wa Kafue n'kulemba zimene iwo aona. A Siame anasangalala, akuganiza kuti apeza wowatolera umboni.

Loweruka masana, makasitomala atachepa, Misozi anatsamiritsa foni pachidebe chamadzi. Amayi anasonkhana, wina mpeni uli m'manja, wina akuthamangitsa ntchentche ndi katoni. Nyimbo itangoyamba amake Owen, mmodzi wa amayiwo, anayamba kugwedeza mapewa, chifukwa nyimboyo, kunena zoona, inali yokoma. Koma mtsikana wa dishi uja atangotulukira, anakuwa.

"Imika! Bweza kumbuyo. Iyo nsomba ni ya kuti?"

"Ya mu katoni iyo," anayankha a Elina, amene tebulo lawo linagundana ndi la amake Misozi. "Ona menso, yayela mbee. Yauma gwa, na mchila wapindika. Bachoka nayo ku Lusaka mu filiji, kubwela kuisambika mu Kafue wathu!"

Kuseka kwake kunatembenuza ndi ogulitsa tomato omwe. Amayi a nsombawo anaona kuti mtsikanayo wasenza dishi popanda nkhata, chizindikiro chakuti pansi pa nsomba zinayi zapamwambazo panalibe kanthu. Anaona kuti woimbayo wagwira nkhafi ngati mthiko, ndiponso kuti bwatolo silikuyenda, wina akuligwira chingwe kunja kwa chithunzi. Misozi anali ataonera vidiyo imeneyi kopitirira kakhumi m'kalasi, pamodzi ndi anthu odziwa mayina onse a kajambulidwe, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaona chimodzi mwa zimenezi.

Misozi anawerenga funso limene a Siame anamulembera okha. "Mukamuona uyu mkazi, mufuna kunkhala monga yeve?"

"Na vikhadabo vija?" anatero amake Owen. "Nipale navo bwanji mamba?"

A Elina anavomera kuti wigi ya mtsikanayo anaikonda, ndipo anafunsadi mtengo wake, koma chifukwa mwana wawo akukwatira mu Disembala ndipo sakufuna kuti apongozi a ku Kabwata, mu Lusaka, awaone ngati mvula yawakana. Misozi analemba zimenezonso, sanabise. Pomaliza anaimitsa vidiyo pamalo omwe aja a Siame anaimitsa, n'kucheukira amayi ake, amene nthawi yonseyi ankangopala mamba.

"Amai, apa munachita manyazi?"

"Manyazi? Ine?" A Dainess anaika mpeni pansi. "Banabwela na makamela yao, ati vulani nsapato, bisani mafoni, chosani maepuloni, valani vitenge vong'ambika kuti kuoneke monga ku mudzi. Ine nauza banzanga ati tiyeni tibapase misana, bajambule yamene iyo. Tinaimilila so mpaka zuba yafika pamutu. Nsomba zanga zinafuna kuola siku ija, koma sininacheuke."

Misozi analemba pepala lake milungu isanu. Mutu womaliza unanena mosapita m'mbali kuti amayi a pamsika wa Kafue sabayidwa jakisoni ndi vidiyo. Amaiwerenga ndi nzeru za ntchito yawo, amavina zimene zawakomera, amaseka zabodza, ndipo asanu mwa iwo anaikana vidiyoyo isanajambulidwe n'komwe. Pepalalo linabwerako litafiira ndi cholembera ngati nsalu ya opha mbuzi.

"Amayi asanu oseka nsomba si umboni," anatero a Siame mu ofesi yawo. "Iwo akukuuza zimene akuganiza kuti akudziwa. Uthenga umalowa munthu asakudziwa, ndiye mphamvu yake. Zoti anafulatira dala wazipeka pambuyo mayiyo, pofuna kubisa manyazi ake."

"Ni amai banga, ba Siame."

A Siame anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Ndiye vuto lake limenelo. Uli pafupi kwambiri, sungaone bwino. Konza mutu womaliza. Ukapita nawo kwa oyesa momwe ulilimu, ine sindiusainira."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Siame anali wapampando wa oyesa atatu, ndipo popanda dzanja lawo panalibe gauni. Misozi anawafotokozera amayi ake zonsezi madzulo, dzuwa lisanalowe, akuthira mchere nsomba zotsala kuseri kwa nyumba. Ankayembekeza kuti apsa mtima naye limodzi. Anapsadi mtima, koma anapsera iye.

"Iwe mwana, lemba vamene bafuna. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msana wanga sumvela pepala, olo balembe ati nili na manyazi, nsomba nizagulisa chabe. Zaka zinai nakhala nikuuza msika onse ati mwana wanga azavala gauni. Ufuna banisekelele?"

Apa ndiye Misozi anagwira njakata. Kulimbana ndi a Siame kunali kosavuta, munthu umangofunika kuuma mutu. Koma awa anali amayi amene ankadzuka nkhuku zisanatsike kuti iye akwere minibasi ya ku Lusaka. Misozi anatsegula kompyuta, n'kulembadi chiganizo chimene a Siame ankafuna, chakuti amayi apamsika amatengeka ndi zimene aona ndipo amabisa nkhope chifukwa chodziona otsika. Anachiwerenga kawiri. Chinamunyansa ngati ntchentche m'kapu ya tiyi, ndipo anachifufuta.

Tsiku lokaonekera kwa oyesa anadzera pamsika kaye, kenako pashopu ina ya mafiliji pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kondakitala wa minibasi anadandaula njira yonse kuti wina wakwera ndi ndiwo, koma Misozi anangofumbata chikwama chake pamiyendo, maso pawindo.

Oyesa anakhala kuseri kwa tebulo lalitali, a Siame pakati, kumanja bambo wina wa imvi, kumanzere mayi wamng'ono thupi amene ankalemba chilichonse. Misozi anafotokoza ziphunzitso ziwiri zija bwinobwino, anaonetsa vidiyo, n'kuiimitsa pa mtsikana wa dishi. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa nsomba ziwiri zokulungidwa m'nyuzipepala, n'kuziyala patebulo pafupi ndi mafayilo awo.

"Imodzi yachoka mu Kafue lelo m'mawa. Inzake yachoka mu katoni. Nipempha muniuze, yamene ili mu vidiyo ni iti?"

Bambo wa imvi anaweramira nsombazo, anayang'ana pakhoma, anayang'ananso nsombazo, n'kuloza ya mumtsinje. Mayi uja anaseka pang'ono, nati iye amangogula yokazinga kale. A Siame sanaloze.

"Bamai ba pa maliketi banaziba pa sekondi imozi," anatero Misozi. "Vidiyo iyi ikamba ati iyi ni nsomba ya mu Kafue, uyu ni mkazi wa ku Chanyanya. Ise mu kalasi tinavomela vonse. Beve banakana. Manje jakisoni yabaya ndani?"

Fungo la nsomba linayamba kuyendayenda m'chipindamo. Bambo wa imvi anatsokomola kuti abise kuseka. A Siame nkhope inachita mdima, komabe anayankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwawoko ndiko kunaopsa.

"Kudziwa nsomba ndi kudziwa nsomba. Ife tikuyesa maphunziro a zofalitsa nkhani." Anakankhira pepala kwa Misozi, cholembera pamwamba pake. "Ntchito yako yambiri ndi yabwino, sindikana. Saina apa kuti ukonza mutu womaliza m'milungu iwiri, uvala gauni ndi anzako. Ndi ndime imodzi yokha."

Mayi uja anayang'ana Misozi ndi maso omupempha kuti asaine. Ndime imodzi, zoonadi. Misozi anaganiza za amayi ake akuuza msika wonse za gauni, ndipo misozi inalengeza m'maso. Anachita mantha, komabe cholembera sanachigwire.

"Ndime yamene mufuna ikamba ati amai banga banachita manyazi. Sibanachite, banabapasa msana dala. Sinizasaina."

Anakulunganso nsomba zake, chifukwa nsomba sitayidwa, n'kutuluka. Anamuitana patatha theka la ola. Mayi uja anali atamuvotera, bambo wa imvi anatsatira wapampando. Pepala linakanidwa, ndipo anauzidwa kuti adzabwerenso chaka chamawa.

Anatsika minibasi ku Kafue cha m'ma folo koloko, n'kulunjika kumsika. Amake Owen atamuona anayamba nthungululu, koma anaimeza pakati ataona nkhope yake. A Dainess anali akutsuka dishi.

"Nafeluka, amai. Nizabwezela chaka."

A Dainess anapitiriza kutsuka dishi yomwe inali itayera kale. A Elina anapeza chochita kutebulo la tomato. Misozi anaima pomwepo, akudikira mawu amene ankadziwa kuti amuyenera, ndipo anabweradi.

"N'nakuuza. Mutu wako wauma monga wa atate bako." Anakhuthula madzi m'ngalande mwaukali, mpaka anathovukira pansapato za Misozi. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukhala pabenchi. Kenako anafunsa, osamuyang'ana. "Manje unabauza chani?"

"Ati munabapasa msana dala."

"Pamenso pao?"

"Pamenso pao, bonse batatu."

"Hm." Anapukuta manja pa epuloni, chala chimodzichimodzi. "Mu pepala muja, unanilemba zina?"

"Sibalola, amai. Ninalemba ati mayi wachitatu."

A Dainess anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo koyamba chifikireni, maso ali ofiira.

"Mayi wachitatu ni ndani? Chaka chamawa ukalembe vimozimozi, usachosepo olo liu imozi. Koma ulembe ati Dainess Zulu. Ngati sibalola, ubauze n'zabwela neka nikabauze."