Dzanja la Mervis m'Thanki ya Korali

Mervis anayamba ntchito ya m'nyumba ku Bedfordview, ku Joni, m'chilimwe cha 1996, kwa mayi wamasiye wachizungu, Mayi Lourens. Amene anamupezera malowo ndi a Hamilton, mkulu wa mpingo wochokera ku Ntcheu, amene ankasamalira maluwa pakhomopo.

Pabalaza panali thanki yagalasi yamadzi amchere. M'menemo munali tinsomba tachikasu ndi tabuluu, ndi zinthu zonga maluwa zomera pamiyala, zogwedezeka popanda mphepo.

"Ndi korali ameneyo, achemwali," anatero a Hamilton. "Si maluwa ayi. Ndi zamoyo, zimadya."

Mervis anagwira pakamwa. Ku Joni kulibe nyanja, koma nayi nyanja m'chipinda! Tsiku lachisanu la chilengedwe analimva kangati pa guwa, koma anali asanalione ndi maso.

Iye anabadwa ndi khungu lachialubino. M'mawa uliwonse, asanakwere takisi ku Tembisa kumene ankakhala, ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa kumaso ndi m'mikono, ndipo ankawonjezera akamapita kukayanika zovala. Kwawo amayi oyembekezera ankalavula akakumana naye panjira. Anakula akumva kuti dzanja lake n'latsoka.

Lachitatu lina, akupukuta galasi, kansalu kanagwera m'thanki. Anapisa mkono mpaka m'chigongono n'kukavuula. Pofika Lachinayi korali wapafupi ndi pamene anagwira anali atafinyika, atanyala ngati masamba a maungu masana.

Anapita kwa a Hamilton kuseri kwa galaja.

"Abambo, ndapha zinthu za Mulungu. Ndinangozikhudza. Zija ankanena kumudzi..."

"Iyayi, iyayi. Mukanakhala ndi mphamvu zotere ndikanakubwerekani mundigwirire nsabwe za m'maluwazi. Tiyeni kwa madamu."

"Andichotsa ntchito."

"Kapena. Koma tiyeni."

Mayi Lourens anamvetsera osadula mawu. Kenako anawerama n'kuyang'ana pamwamba pa madzi a m'thankimo mopendekeka. Panali kamafuta kopyapyala konyezimira. Anagwira mkono wa Mervis, nausisita ndi chala, nanunkhiza.

"Ndi mafuta ako adzuwa awa," anatero m'Chingerezi. "Malemu mwamuna wanga sankandilola kupisamo dzanja ndikadzola. Kaya muli chiyani m'mafutamu sindidziwa, koma korali sagwirizana nawo."

"Ndiye ndisiye kudzola, madamu?"

"Usayerekeze! Khungu lako ndi limodzi lomweli. Uzisamba mkono basi."

Tsikulo anachotsako madzi ena n'kuthiramo atsopano, a Hamilton akunyamula zidebe uku akung'ung'udza nyimbo ya Mgonero. Pofika Lolemba korali wambiri anali atatambasukanso. Kanthambi kamodzi kanafa, kanatsala koyera ngati fupa. Mervis anapitiriza ntchito yake, koma thankiyo ankailambalala, manja atabisa m'epuloni.

Mayi Lourens anaona. Anamutengera kusinki, namuuza atsuke mkono ndi madzi ofunda kwa nthawi yaitali, kenako anamubweretsa pabalaza.

"Pisa."

"Madamu, chonde."

"Pisa, ndipo usagwedezeke."

Madziwo anali ofunda ngati thupi la munthu. Tinsomba tinathawira kuseri kwa miyala. Ndiye pansi pa mwala panatuluka kachilombo konga nkhanu yowonda, kofiira, ka mzere woyera pamsana ndi ndevu zazitali. Kanayandikira pang'onopang'ono, kanakwera pa chala chake, n'kuyamba kutolatola m'mbali mwa chikhadabo ndi timiyendo tonga ulusi.

"Kakundidya?" ananong'oneza Mervis.

"Kakukusambitsa. Ndi ntchito yake. Nsomba zimachita kubwera kwa iko zokha."

A Hamilton, amene anaima pakhomo ndi nsapato zamatope, anavula chipewa.

Mervis anakayang'anitsitsa. Ndani anakaphunzitsa kanthu aka, pansi pa nyanja pamene palibe woona, kutsuka anzake? Kanamaliza chala chimodzi n'kupita pa china, kosafulumira, kosanyansidwa.

"Ambuye, Inu," anatero Mervis, misozi ikutsikira pachibwano. Mkono unayamba kutopa, koma anatambasula zala zonse kuti kafike ponse.