Akapolo a ku Amereka ndi Ine

Madamu anga a ku Al Duhail, amene ndimawagwirira ntchito yam'nyumba kunja kuno, sapereka ofu chisawawa, koma Lachisanu limenelo ndinachita kuwagwira mwendo. Ankhoswe amakumana kuti akhazikitse tsiku la ndowa, ukwati wanga wachisilamu ndi Latifu, dalaivala wa pahotela amene ndinamukonda mpaka anzanga kumandiseka. Kumbali yanga kunali malume anga, Che Bashiru, amene amagwira ya ulonda. Kwa Latifu kunabwera malume ake, Che Hashimu.

Tinakhala m'kalesitilanti kena ku Umm Ghuwailina, aliyense ndi kapu ya karaki, tiyi wamkaka uja. Nkhani isanayambe n'komwe, kanema wapakhoma anaonetsa anthu a ku Amereka akugwetsa chiboliboli cha msilikali wakalekale. Amuna inu, Mulungu akukhululukireni! Za ukwati zinaiwalika pomwepo.

"Nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko inabuka chifukwa cha ukapolo," anatero Latifu. "Ena ankafuna kumagulitsabe anthu, ena anakana."

"Iyayi, mphwanga," anayankha Che Hashimu. "Ankalimbirana mphamvu ndi misonkho. Ndani angafere kapolo?"

Latifu anatentha. Anati munthu si mbuzi yoti n'kuikoka pachingwe. Anati mayi wolandidwa mwana pamsika salira mosiyana ndi mayi wa mfumu. Ankalankhula akumenya tebulo, mpaka Mmwenye wogulitsa tiyi anasuzumira. Ine mumtima ndinkangoti, ameneyu ndiye mwamuna, Shakira wasankha bwino.

Che Hashimu anaseka. "Khalasi, basi, mphwanga, zachizungu zakulowa. Ukapolo ukanakhala woyambitsa nkhondo, bwenzi kwathu titathana kale. Agogo athu anali nawo akapolo, ndipo zidzukulu zawo zilipo kumunsi kwa mudzi. Timapemphera nawo, maliro timalira limodzi. Chokhacho, sitikwatirana nawo. Nkhondo ili kuti pamenepo?"

Malume anga anaika kapu pansi.

"Che Hashimu, nkhondoyo ilipo, kungoti inu simuimva," anatero. "Amayi awo a agogo anga anagwidwa kudambo ali kamtsikana, n'kusinthanitsidwa ndi nsalu. Kwawo sitikudziwa mpaka lero. Ifenso kwathu timakhala kumunsi kwa mudzi."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Mayi ankangonena kuti tinachokera kutali, ine osafunsa.

"Malume, bwanji?" ndinanong'ona. "Bwanji lero?"

"Bola amve lero, mwana wa mlongo wanga, kusiyana n'kuti adzamve uli ndi mwana kumbuyo."

Che Hashimu anatsokomola, n'kuyang'ana wotchi. Anati dalaivala wa basi ya kuntchito kwake sadikira munthu. Anati nkhani ya tsiku ikhoza kudikira, kuthamanga sikufika. Anapatsa malume moni wa nsonga za zala n'kutuluka kukaima panja.

Ine za mkuluyo sindinasamale, apite. Maso anga anali pa Latifu. Ndinkadikira kuti amenyenso tebulo lija. Mawu anali nawo, ndinali nditangowamva ndi makutu angawa. Koma iye ankangozunguza kapu m'manja ngati mwana wogwidwa akuba ndiwo.

"Latifu, lankhula."

"Shakira, ukudziwa kuti ndimakukonda."

"Sindinafunse zimenezo. Ndowa ilipo kapena palibe?"

"Ndiyambe ndawaimbira foni mayi. Umawadziwa anthu akumudzi. Inshallah, mwina amvetsa."

Mwina! Ine ndimakolopa nyumba ya eni, ndimatukwanidwa m'chilankhulo choti sindichimva bwino, koma palibe chimene chinandipweteka ngati mwina ameneyo. Ndinalira pomwepo, anthu akuona, manyazi ndinalibe.

Panja Che Hashimu anagogoda pagalasi. Latifu anaimirira. Ndinamugwira malaya.

"Anthu a ku Amereka sunawaonepo, anafa kalekale, koma wawaikira kumbuyo mpaka thukuta," ndinamuuza. "Ine ndili pano, ndili moyo. Ungondinenerako mawu amodzi okha."

Anachotsa zala zanga pamalaya ake, pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, n'kutsatira malume ake.