Matope ndi a Amisiri

Kutatsala sabata imodzi kuti mwana wawo Napha afike kuchokera ku Amereka, a Khamphong anayamba kuchita manyazi ndi chisakasa chawo. Kwa zaka makumi anayi ankapangira maroketi m'chisakasamo, kuseri kwa khola la njati zoweta, ndipo malata ake adzimbiri sanawadandaulitsepo. Tsopano chilichonse chinkawabaya m'maso: paipi yabuluu yapulasitiki, jeke wa lole amene ankatsindirira wonga, ndi sikelo yakale imene anaigula kwa mayi wogulitsa nsomba. Anasesa kawiri tsiku limodzi, mpaka akazi awo, a Buasri, anawafunsa ngati kukubwera mwana kapena nduna ya boma.

Kwathu ku Nong Khaen kunalibe munthu wosadziwa ntchito ya Napha, chifukwa bambo ake sankatipatsa mpata woti tiiwale. Mtsikanayo ankayesa mainjini pa kampani ina ya m'chipululu, imene imakweza anthu olemera m'chombo, n'kuwafikitsa kumene thambo limada bii masana, kenaka n'kuwabweza pansi patatha mphindi khumi. Ulendo uliwonse a Khamphong ankauonera pa foni pamalo ogulitsira supu pafupi ndi kachisi, ndipo ankaimitsa kanemayo pakati kuti atilalikire. Sukulu anailekezera kalasi yachinayi, koma magazini a sayansi amene aphunzitsi ankataya, iwo ankatola n'kuwawerenga mpaka kuthothoka. Ankadziwa chifukwa chake mabwana aja amayandama m'chombo, ndipo ankationetsa poika kambulu ka mpunga womata m'kapu n'kuzigwetsa pamodzi kuchokera pa tebulo. Agalu a pamalopo anaikonda kwambiri sayansi imeneyi.

Amene sankagonja anali a Thongbai, mmisiri wa maroketi wa tsidya la mtsinje, mnzawo wa kuubwana komanso mdani wawo pa mpikisano wa chaka chilichonse.

"Mwana wakoyo amakweza mabwana kumwamba kukadzijambula, koma mvula ndi dontho lomwe," ankatero a Thongbai. "Ife tikaponya yathu, Phaya Thaen, mulungu wa mvula, amadzidzimuka n'kutsegula madzi, mpunga n'kumera. Wanzeru ndani pamenepa?"

A Khamphong ankayankha kuti nsanje ilibe mankhwala, anthu n'kuseka. Koma mumtima anali ndi mantha amene sanauzepo munthu. Ankaopa kuti Napha adzayang'ana paipi ija n'kumwetulira monga amamwetulira alendo a ku Bangkok, n'kunena kuti ndi zokongola, ngati munthu woyamikira mwana amene waumba ng'ombe yadothi. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: kuti mwana wawo aione ntchito yawo ngati ntchito yeniyeni, ya mtundu umodzi ndi yake.

Ndipo anali ndi chifukwa choopera. Napha ali ndi zaka zisanu ndi zinayi analowa m'chisakasamo amuna akutsindira wonga, atanyamula karoketi kake ka bango kuti aonetse bambo ake. Mwambo wa kwathu umati mkazi saponda pamalo otsindirira wonga, akuti roketi imafooka. A Khamphong anamukalipira pamaso pa anthu, mwanayo n'kutuluka osalira. Kuyambira tsiku limenelo sanapondemonso, ndipo bambo ake sanapepese. Amuna a kwathu kupepesa amakuona ngati kunyamula thumba la mpunga wonyowa.

Napha anafika Lolemba, nagwadira makolo ake, nadya papaya wosinja wa tsabola mpaka misozi kutuluka. Anansi anadzaza khonde. Onse ankafuna kudziwa ngati iye anakwerapo chombocho. Anawauza kuti ayi, mpando umodzi mtengo wake umaposa minda yonse ya m'mudzimo kuphatikiza njati, ndipo opanga chombo amatsala pansi n'kumayang'ana kumwamba, pakamwa pali yasa, ngati wina aliyense.

M'mawa mwake anapita kuchisakasa n'kuima pakhomo, zala za kumapazi zitalekezera pa mzere wa chitseko. Anaima pomwepo masiku atatu. Ankafunsa kutalika kwa paipi, kulemera kwa mchira wansungwi, ndi nthawi imene wonga umatenga kuti uume, n'kumalemba pa foni. A Khamphong ankayankha mwachidule, nkhope itayang'ana kumbali. Mafunso ngati amenewo anali atawamvapo kwa ana a sukulu obwera pa basi, ndipo ankawawawa.

Roketi ya chaka chimenecho inali yaikulu, ya wonga wolemera kuposa amuna awiri. Kutsindira kunali kutatha. Chimene chinatsala chinali kuboola njira ya moto pakati pa wonga, kuchokera kumunsi kukwera m'mwamba, ndi chitsulo chachitali, madzi akudontha kuti pasathetheke moto. Njirayo ikachepa, roketi imaphulikira pa nsanja yoponyerapo. Ikakula, imanyamuka mwaulesi n'kugwa. Ntchito imeneyi sagawana; amaigwira mwini roketi, ndipo amene waboola ndiye amatchedwa mmisiri.

Lachisanu m'mawa a Khamphong anatola chitsulocho, n'kuchiika pansi. Anachitolanso, n'kuchiikanso pansi. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera chaka chatha, ndipo ankalibisa m'thumba poganiza kuti palibe akuona. Amuna asanu a m'gulu lawo anayamba kuyang'ana malata ngati aona kumene kuti ali ndi dzimbiri. Napha yekha ndiye sanachotse maso pa dzanjalo.

"Waima pamenepo ngati mlendo wosochera," anatero a Khamphong. "Lowa."

Mlamu wawo, a Prayong, anatsokomola n'kuwakumbutsa za mwambo. Anati makolo sanali opusa, ndipo roketi ikalephera anthu adzaloza chala pa nyumba ino.

"Mwambo umenewo ndinausunga zaka makumi awiri ndi zisanu, alamu," anayankha a Khamphong, "ndipo unanditayitsa mmisiri. Anakamutola azungu."

Napha anavula nsapato, wotchi ndi mphete, n'kuzisiya panja pamodzi ndi foni, popanda womuuza kuti chitsulo chouma sichiyandikira wonga. Bambo ake anaziona zimenezo. Mtsikanayo anagwada, nayeza kukamwa kwa paipi, kenaka ananena mosazungulira kuti muyezo wa bambo ake ndi wopapatiza, ndipo njirayo iyenera kukula ndi theka la chala kumunsi. A Khamphong anati muyezowo anawapatsa ndi amonke, ansembe a kukachisi amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo wawapambanitsa kasanu ndi kawiri. Napha anati paipi za masiku amenewo zinali zina. Anakangana ola lathunthu, wina akulemba manambala pa dothi ndi kamtengo, wina akufufuta ndi phazi. A Buasri anamva phokosolo ali kukhitchini ndipo sanapite kukaleretsa.

Pamapeto pake a Khamphong anamupatsa chitsulocho n'kumuuza kuti achite mmene akuonera. Napha anaboola mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili kamukamu, manja ali bii. Bambo ake ankathira madzi. Komabe kamtima kaja sikanawachoke. Mwina mwanayo ankangomvera chisoni nkhalamba ya dzanja lonjenjemera. Mwana wabwino amatha kusewera ndi bambo ake masana amodzi, n'kukwera ndege Lachitatu kubwerera ku ntchito yeniyeni.

Tsiku la mpikisano minda youma inadzaza anthu, ng'oma, zimkuzamawu ndi fungo la nkhuku yootcha. Bwanamkubwa wa dera anaitana Napha kutsogolo, namuveka nkhata ya maluwa, wolengeza akufuula kuti uyu ndi mwana wathu wa kumlengalenga. Anamukhazika pa mpando wa khushoni pansi pa tenti, atavala bulauzi yoyera ya amayi ake. A Khamphong anali kutali, kunsanja, kumene amuna ankakoka roketi ndi zingwe.

Ya a Thongbai inayamba. Inang'amba thambo n'kusowa, ndipo oweruza anawerenga masekondi mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi isanagwe. A Thongbai anavina atanyamula botolo la kachasu wa mpunga pamutu, zaka makumi asanu ndi awiri zili pamsana.

Kenaka inafika ya ku Nong Khaen. Analumikiza waya ku batire. Inabangula bwino lomwe, utsi woyera n'kukuta nsanja, koma inanyamuka ngati njati yodzutsidwa pamthunzi. Inapitirira mitengo ya kanjedza, inaima kaye m'malere ngati ikuganiza, kenaka inapendeka n'kukagwa m'munda wopanda anthu. Masekondi makumi awiri ndi atatu. Chigwa chonse chinaphulika ndi phwete.

Aliyense ankadziwa chotsatira. Mmisiri amene roketi yake yalephera amanyamulidwa n'kuponyedwa m'dziwe la matope limene amalikonzeratu pambali pa bwalo, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wapolisi. A Khamphong anali atalawa matope amenewo komaliza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Anyamata a tsidya anabwera akuimba, a Thongbai ali patsogolo, n'kuwanyamula m'mwamba ngati thumba. Iwo sanakane, ndipo analibe maganizo otchula amene anaboola. Ali pamapewa a anthuwo anayang'ana kutenti. Anadziuza kuti ndi bwino mwanayo akhale pomwepo, woyera, pakati pa akuluakulu. Koma ankadziwanso kuti akakhaladi pomwepo, ndiye kuti zonse zija kwa iye anali masewera, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa kugwa kwa roketi.

Mpando wa khushoni unali wopanda munthu. Napha anali akudutsa pakati pa khamu, nkhata ikulendewera, akukankha anthu ndi zigongono.

"Atsitseni bambo anga," anatero atafika. "Njira ya moto ndinaboola ndine. Iwo anandiletsa, ine ndinaumirira."

Anyamata anayang'anana, nyimbo n'kuzizira. Wina anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. A Thongbai anatsitsa botolo lawo n'kulankhula mwaulemu umene sitinkadziwa kuti ali nawo.

"Mwanawe, iwe ndiwe mlendo wolemekezeka lero, tabwerera kutenti. Mkazi sitinamuponyepo chiyambire. Matope awa ndi a amisiri."

"Nanga mukudikira chiyani?" anatero a Khamphong ali m'mwamba momwemo. "Wamva wekha, Thongbai. Kapena makutu nawonso anakalamba? Amene waboola ndi ameneyo. Nditsitseni ine, munyamule mmisiri."

Anawatsitsa. Kwa kanthawi palibe amene analimba mtima kumugwira mtsikanayo, mpaka a Prayong, omwe aja a mwambo, anatulukira n'kumugwira mwendo umodzi. Ena anatsatira. Ng'oma zinayambiranso, amayi akululutira, ndipo anamugwedeza katatu n'kumuponya pakati penipeni. Bwanamkubwa anaimirira pa mpando kuti aone bwino.

Napha anavuuka ali bii kuyambira kutsitsi, nkhata itasanduka chingwe chamatope. Analavula, napukuta maso ndi dzanja lamatope lomwe. Sanaseke, ndipo khamu lonselo sanaliyang'ane n'komwe. Maso ake ankafunafuna munthu mmodzi.

"Bambo! Wonga wanu umayaka mochedwa kuposa mmene ndinawerengera. Makala aja mumasakaniza mu wonga ndi a mtengo wanji? Kuntchito tinaphulitsa mainjini asanu ndi awiri munthu asanakwere, ndiye ife tingagonje ndi imodzi? Chaka chamawa ndibwera mwezi wathunthu, tiyambe ndi zing'onozing'ono zisanu, tizilemba chilichonse."

A Khamphong analira poyera, nkhalamba yathunthu, pamaso pa midzi isanu ndi umodzi, ndipo sanabise nkhope kapena dzanja. Chimwemwe chimene anali nacho sanachimvepo ngakhale pa zaka zonse zisanu ndi ziwiri zimene anapambana. Anatembenukira kwa a Thongbai n'kuwafunsa ngati tsidya lija kuli mwana ngati ameneyu. A Thongbai anangowapatsa botolo.

A Khamphong sanamwe. Anapinda buluku lawo latsopano, koma ataona kuti n'zopanda ntchito, analowa m'dziwemo momwemo mpaka m'mawondo, akufuula kuti makalawo alibe vuto, vuto ndi theka la chala lija. Napha anati zonse ziwiri. Anaima m'matopemo awiriwo akukangana za makala, mpaka wolengeza anawapempha pa chimkuzamawu kuti amisiri a ku Nong Khaen asunthe pang'ono, chifukwa roketi ina inali italephera ndipo mwini wake ankafunika malo.