Jonasi Agwa Pangolo ya Fodya

Eneless ankasankha fodya m'chigafa cha pa esiteti pamene Wallace, mnzake wa mwamuna wake Jonasi, anafika akuthamanga.

"Mlamu, a Jonasi agwa pangolo. Ng'ombe zinadzidzimuka pamtsetse, iwo ali pamwamba pa mabelo."

Anakamupeza ali thapsa m'mbali mwa msewu, akuphethira koma osayankhula. Anamukweza pangolo yomweyo kupita kuchipatala cha mishoni ku Embangweni. Njira yonse Eneless anagwirira mutu wa mwamuna wake, ndipo tayala likagunda mwala ankaugwiritsitsa.

Atayandikira ku mishoni, Jonasi anatsokomola.

"Eneless, mwendo wanga uli kuti? Sindikuumva."

"Ulipo, bambo, ndaugwira," anayankha motsitsa mawu, dzanja lina lili pamwendopo.

Dokotala anati fupa lamsana lavulala, ndipo ngati adzayendanso zidzadziwika pakapita masiku. Eneless anayala chitenje pakhonde, nayamba kudikira.