Madontho Achikasu pa Mabauti

Anadya chamadzulo pa nthawi ya masiku onse, dzuwa lisanalowe, ngakhale panalibe amene ankamva njala. A Marlys anatenthetsa mbatata za tchizi zimene amayi a kutchalitchi anabweretsa, n'kudula nyama ya nkhumba yotsala pamaliro. Linali tsiku lachiwiri chiikireni m'manda amuna awo, a Harlan Kooiman. Pampando wa kumutu kwa tebulo panalibe anakhalapo, panalibenso anausuntha.

Rhonda, mwana wawo woyamba, ankangotembenuza chakudya ndi foloko. Mlongo wake Curtis analowa mochedwa, manja ali bii ndi girisi, nkhope ikuwala koyamba chifikireni.

"Mwaimva?" anafunsa.

"Ndi ng'ombe za aneba athu a Vander Ploeg zomwe zaimva," anatero Rhonda. "Kasambe m'manja, iwe."

A Marlys anali ataimva. Anali pasinki pamene injini inatsokomola kawiri kushedi, kenako n'kubangula mpaka mawindo kunjenjemera. Anangozindikira atatsitsa kale kapu ya a Harlan pashelefu. Anaibwezera mwakachetechete Rhonda asanaone.

A Harlan anakonza mathirakitala ndi makina okololera a anthu m'dera lonselo kwa zaka makumi anayi. Atapuma pantchito anagula chimene ankachilota kuyambira paunyamata: chasisi ya galimoto yaliwiro, yofanizira zija zakale zopanda denga. Inabwera pa lole, mafupa achitsulo okhaokha atakhala pa matayala anayi, yopanda injini, yopanda mipando. Bodi yake inabwera payokha, ndipo inali ikulendewerabe pazingwe kudenga la shedi. Zaka zitatu akumanga, pang'ono ndi pang'ono, m'mawa uliwonse akamwa khofi.

"Mawa ndiitulutsa," anatero Curtis atakhala pansi. "Omanga magalimoto amenewa onse amatero. Usanaiveke bodi umayamba wayenda nayo chomwecho, ili maliseche. Ababa anati chaka chino, chimanga chikachoka m'munda. Chachokatu. Kungofika pamphambano n'kubwerera, basi. Mpando winawo ndi wanu, Amayi."

"Woyendetsa iweyo?" anatero Rhonda. "Amene unagwetsera thirakitala mungalande uli ndi zaka khumi ndi zisanu?"

"Khumi ndi zinayi. Ndipo ankakuwa kuti ponda, ponda anali ndani, achemwali?"

Rhonda anamwetulira pang'ono, kenako kumwetulirako kunatha. "Waiyendera yonse bwinobwino?"

"Ndiyendere chiyani? Bauti lililonse lili ndi dontho."

Pakhomo pamenepo mawu amenewo ankatseka nkhani. A Harlan anali ndi sipanala yaitali yoyezera, imene imalira kuti kha bauti likamangika kufika pa mlingo wake. Ikalira, ankatenga kabotolo ka penti yachikasu n'kudontheza pamutu pa bautilo. Popanda kulira kuja panalibe dontho. Alimi ankati ukaona chikasu pa makina ako, kagone tulo. Ana awiriwa anakula akuona madontho amenewo ngakhale pa njinga zawo.

A Marlys anaika foloko pansi. Panali nkhani imene ana awowa sankaidziwa.

Zinayamba chaka chomwecho, chipale chofewa chikusungunuka. Lamulungu lina akuchokera kutchalitchi, a Harlan anaimitsa galimoto pamphambano yomweyo, pamsewu umene anayendapo moyo wawo wonse. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Marlys, kwathu n'kuti?" Dokotala wa m'tauni anawauza dzina la matendawo, n'kunena kuti kuiwalako kuzingokulirakulira. Pobwerera a Harlan anawagwira dzanja.

"Ana asamve mpaka galimoto ithe. Akamva andilanda masipanala, azindikhazika pakhonde ngati mphika wa maluwa. Undilonjeze."

Analonjeza. Kenako mu Juni, atawapititsira khofi kushedi, anaima pakhomo n'kuona zonse. A Harlan analowetsa bauti ndi zala, n'kuimirira kuti atenge sipanala. Atafika patebulo la zida anaima kaye, ngati munthu wolowa m'chipinda osadziwa chimene wadzera. Anatenga kabotolo ka penti. Anabwerera, anadontheza, n'kugwedeza mutu mokhutira. A Marlys anangopereka khofi uja. Ankati adzanena mawa. Mawa lakelo linali lisanafike pamene mtima wa a Harlan unaima Lolemba m'mawa, akupita kukatenga makalata m'bokosi la kumsewu.

"Curtis," anatero a Marlys, "bwanji uisiye kaye? Udzaiyendetse chaka chamawa."

"Chaka chamawa? Amayi, Lamulungu ndikubwerera kuntchito. Ikangogona nyengo yozizira yonse, mbewa zidya mawaya."

"Ine sindikwera."

"Ndikwera ndine," anatero Rhonda. Ankayang'ana m'mbale. "Ababa anandiitana kangati kuti ndibwere ndidzaione, ine n'kumangoti mwezi wamawa. Ndikwera."

A Marlys anayang'ana ana awo awiri, wina kuno, wina uko. M'maganizo anaona msewu wamiyala wopita kumphambano, potsetsereka, ndi ngalande zakuya mbali zonse ziwiri. Anaimirira n'kuyamba kuchotsa mbale, ena asanamalize.

Atatsuka mbale anavala jekete n'kupita kushedi. Dzuwa linali litapendeka, likulowera pachitseko chachikulu. Wailesi ya a Harlan inali ikulankhulabe motsitsa za nyengo ya mawa. Chimwalirireni mwini wake panalibe amene analimba mtima kuitseka. M'kati munkamveka fungo la mafuta ndi la a Harlan. Bodi ija inkagwedezeka pang'ono kudenga, ngakhale kunalibe mphepo yoti munthu n'kuimva. Pansi pake panakhala galimotoyo, yonyezimira, madontho achikasu ali mbwee paliponse.

Curtis anali akupopa matayala. Rhonda anakhala pampando wa wokwera, manja pamiyendo.

A Marlys anadutsa onse awiri mpaka kutayala lakutsogolo, la kudzanja lamanja. Ankapakumbukira bwino pamalopo. Analoza bauti lalikulu logwira chitsulo chochokera kuchiwongolero.

"Tenga sipanala ya bambo ako uyese ili."

"Lili ndi dontho, Amayi."

"Ndaliona. Yesa."

Curtis anaseka, koma atawayang'ana kumaso anasiya. Anatenga sipanala ija pamsomali, anayang'ana m'buku la galimotoyo, anaitchera pa mlingo wake, n'kuiika pabautilo. Anakoka akuyembekezera kulira kuja. Sipanala inangoyenda. Anakokanso, inayendanso, mopepuka ngati akutsegula mpope. Dontho lachikasu linazungulira kamodzi, kawiri, pamodzi ndi bautilo.

Wailesi inanena za chisanu cha m'bandakucha.

"Wina waligwira," anatero Curtis. "Tsiku la maliro anthu analowa muno ambiri."

"Palibe waligwira. Ndinalipo pamene ankadontheza."

Ndipo anawauza. Ananena za pamphambano, za dokotala, za tsiku la khofi lija. Ananenanso za m'mawa wina pamene anawapeza atagwira chithunzi cha Rhonda, akuchiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikufunafuna dzina. Sanakweze mawu. Ankalankhula akuyang'ana jekete la a Harlan lopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ankamva ngati mwini wake waima m'menemo, akumvetsera lonjezo lake likuphwanyidwa.

Rhonda anatsika pampando paja pang'onopang'ono.

"Miyezi isanu ndi iwiri," anatero. "Ndinkaimba foni Lamulungu lililonse. Munkati chiyani? Ali bwino, ali kushedi."

"Anali kushedi."

"Amayi, musatero. Ine ndikanabwera. Ndikanasiya zonse n'kubwera akundidziwabe."

"Ankakudziwa, mwana wanga. Dzina lokha ndi limene linkathawa, n'kubweranso."

"Ndiye munasankha okha awiri kuti ife tisatsanzike."

A Marlys sanadziteteze. Zinali zoona.

Curtis anali atagwadabe patayala paja. "Bambo anga sanadonthezepo pabauti losamanga. Moyo wawo wonse."

"Moyo wawo wonse, kupatula chaka chino."

"Angati?"

"Sindikudziwa. Ine ndinaona limodzi."

Curtis anayang'ana galimoto yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Madonthowo analipo mazana, ndipo onse ankaoneka mofanana. Anaika sipanala pansi, anatuluka, n'kulunjika kumunda wokololedwa. Rhonda anapita kunyumba osatembenuka. A Marlys anatsala okha ndi wailesi ija.

"Ndanena, Harlan," anatero motsitsa. "Ukwiye ngati ukufuna."

Bodi ija inangolendewera. Anazimitsa magetsi, koma wailesi anaisiya.

M'mawa kunacha ndi chisanu choyera paudzu. Rhonda anatsika maso atatupa, anati mwadzuka bwanji, n'kuyamba kukazinga mazira osayang'ana amayi ake. Bedi la Curtis linali loyalidwa kale. A Marlys atasuzumira pawindo anaona chitseko cha shedi chili chotsekula. Anatchera khutu kudikira injini.

Chimene anamva chinali china. Kha. Kenako bata. Kha.

Anagwira m'mphepete mwa sinki. Phokoso limenelo linkawadzutsa zaka makumi anayi.

Anathira khofi m'kapu n'kupita naye. Curtis anali atakweza galimoto pa majeke, atagona chagada pansi pake, miyendo yokha ikuoneka. Pafupi panali pepala, atalembapo mizere iwiri ya timitengo towerengera mabauti.

"Kutsogolo ndamaliza," anatero osatuluka. "Omasuka asanu ndi awiri. Limodzi la mabuleki."

"Khofi wako ndi uyu."

"Ikani pomwepo." Anadzikankha kulowera kumbuyo kwa galimoto. Panapita kanthawi popanda kulira kulikonse. "Amayi."

"Ee?"

"Mungathe kugwada?"

Anagwada movutikira, atagwira tayala. Rhonda, amene anabwera kudzawaitanira mazira, anagwadanso pambali pawo. Curtis anawalitsa tochi kunsi, kumene munthu woimirira sangaone.

Mabauti a kumeneko analibe madontho. Koma sanali oti sanadonthezedwepo. Pamutu pa lililonse panali timizere ta chitsulo chowala, pamene penti inapalidwa, ndipo m'mphepete munatsalira kachikasu pang'ono. Mabuleki akumbuyo, onse opalidwa. Zogwirira matayala, zopalidwa. Mzerewo unayambira kumbuyo kwenikweni, ukubwera kutsogolo, bauti ndi bauti, osadumpha ngakhale limodzi.

"Ndawayesa," anatero Curtis. "Ambiri ndi omangika bwinobwino. Anapala ndi abwino omwe."

"Sakanadziwa abwino ndi ati," anatero Rhonda.

A Marlys anakumbukira tsopano. Masabata awiri omaliza sanamve sipanala ikulira. Ankangomva kukwecha kwapansipansi, ndipo a Harlan ankabwera kudzadya ali ndi tinyenyeswa tachikasu patsitsi. Atawafunsa chimene akupanga, anangoti, "Ndikukonza za ana." A Marlys ankayesa ndi matenda aja akulankhula.

Curtis anasuntha tochi kutsatira mzerewo. Unathera pakati pa galimoto, pansi pa mpando wa wokwera. Pamenepo panali bauti lopalidwa theka, mbali ina yowala, mbali ina yachikasu. Pamwamba pa chitsulo chopingasa, pafupi nalo, panagona mpeni wa m'thumba wa a Harlan, wopindidwa bwino, ngati wa munthu amene wangopita kukatenga makalata.

Onse atatu anauyang'ana. Rhonda anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Kenako anaika dzanja pamsana pa amayi ake, n'kulisiya pomwepo.

"Mazira azizira," anatero.

"Dziyambani, ndikupezani," anatero Curtis.

Anatambasula dzanja n'kutenga mpeni uja. Anautsegula, anaupukuta pamalaya, n'kuika nsonga yake pa theka lotsala lija.

Rhonda anathandiza amayi ake kuimirira. Akudutsa pabwalo, udzu ukuphwanyika ndi chisanu pansi pa nsapato, a Marlys anamva kukwecha kuja kukuyambiranso kumbuyo kwawo. Anachepetsa mayendedwe kuti akumvetsere mpaka pakhomo.